Kodi Paulo Woyera Adali Mturuki?

Chaka ndi chaka, Khirisimasi ikayandikira, nyuzipepala ndi mawailesi a m'maiko ambiri amabwereza nkhani yokhayokhayo yakuti Nicholas Woyera, amene azungu adamsandutsa Santa Claus, adali Mturuki. Ena amapitirira, amati Paulo Woyera nayenso adali Mturuki, pakuti adabadwira ku Tarsus, ndipo Tarsus ndi mzinda wa m'dziko la Turkey. Pa mndandanda womwewo amalembaponso Basil Woyera, John Chrysostom Woyera, ngakhale kholo lija Abrahamu. Alipo amene amalankhula zimenezi mongoseka, alipo amene amazilemba pofuna kukopa alendo odzaona malo, aliponso amene amazikhulupirira ndi mtima wonse. Ife tikuti mau ameneŵa ngolakwa, ndipo kulakwa kwake sikochepa ai, chifukwa pansi pa liu limodzi lokhalo pakwiririka mitundu yathunthu ya anthu.

Tisanatsutse, tiyambe tavomera zimene zili zoona. Ngoŵerengeka maiko amene nthaka yao idaona zambiri za chiyambi cha Chikhristu monga dziko limene lero tikulitcha Turkey. Ku Antioch ndiko kumene otsatira a Yesu adayamba kutchedwa Akhristu. Agalatiya, Aefeso ndi Akolose, amene makalata ao timaŵamva akuŵerengedwa m'tchalitchi, adali anthu akumeneko. Mipingo 7 yotchulidwa m'buku la Chivumbulutso idali komweko. Misonkhano 7 yoyamba ya Eklezia yonse, kuyambira wa ku Nicaea mu 325 mpaka wachiŵiri wa ku Nicaea komweko mu 787, idachitikira pa nthaka imeneyo. Nchifukwa chake Apapa akhala akupitako: Paul VI mu 1967, John Paul II mu 1979, Benedict XVI mu 2006, Francis mu 2014, ndiponso Leo XIV mu 2025. Zonsezi sitikukana. Funso lathu nlina: kodi dzina limene lidafika pambuyo lingabwerere m'mbuyo kukavekedwa anthu amene adafa osalimva?

Tiyeni tione kumene dzinali lidachokera. Liu lakuti Turk lidayamba kumveka m'mbiri m'zaka za m'ma 500, kutali kuvuma, m'madambo aakulu a pakati pa Asia. Ufumu woyamba wodziŵika ndi dzinalo udakhazikika mu 552, ndipo miyala yakale yolembedwa m'chilankhulo chao, ya m'zaka za m'ma 700, ili m'chigwa cha mtsinje wa Orkhon ku Mongolia. Khomo la Anatolia, ndiye kuti chigawo chachikulu cha Turkey wa lero, lidaŵatsekukira mu 1071, pamene Alp Arslan, mfumu ya Aturuki otchedwa Aseljuk, adagonjetsa mfumu Romanos Diogenes pa nkhondo ya ku Manzikert. Mzinda wa Constantinople udagwa mu 1453, ndipo boma la Turkey monga tikulidziŵa lero lidabadwa mu 1923. Tsono ŵerengani nokha, abale. Paulo adafa kutatsala zaka ngati 1,000 kuti nkhondo ya ku Manzikert ichitike, Nicholas kutatsala zaka zoposa 700.

Za Paulo palibe chifukwa chopenekera, pakuti mwiniwake adanena poyera za mtundu wake. M'makalata ake amafotokoza kuti adali Mwisraele wa fuko la Benjamini, ndiponso Mfarisi. Buku la Ntchito za Atumwi likuwonjeza kuti adabadwira ku Tarsus m'chigawo cha Cilicia, adaphunzira ku Yerusalemu kwa Gamaliele, ndipo adali nzika ya Roma chibadwire. Makalata akewo adaŵalemba m'Chigiriki. Choncho munthu mmodzi yemweyo adali Myuda pa mtundu, Mroma pa unzika, ndi wolemba Chigiriki pa ntchito yake, ndipo chilichonse mwa zitatuzi adadziŵa kuchigwiritsa ntchito pa nthaŵi yake. Polankhula kwa anthu a mtundu wake adakumbutsa za makolo ao, ndipo atafuna kumkwapula osamuzenga mlandu adatchula unzika wake wa Roma. Munthu amene adadzifotokoza momveka chotere, ife ndife yani kuti timpatse dzina lachinai limene sadalimvepo?

Nanga Nicholas? Malinga ndi mbiri imene Eklezia idasunga, iye adabadwira ku Patara cha m'ma 270, adakhala episkopi wa ku Myra m'chigawo cha Lycia, ndipo adamwalira pa 6 Disembala cha m'ma 343. Dzina lake nla Chigiriki, ndipo limatanthauza kupambana kwa anthu. Akhristu ake ankapemphera m'Chigiriki, pansi pa ulamuliro wa Roma. Myra uja lero amamutcha Demre. Mu 1087 amalinyero a ku Bari, mzinda wa ku Italy, adafika kumeneko, nathyola manda, natenga mafupa a woyerayo pamene amonke osunga malowo ankakana. Podziwiringula adati akuŵapulumutsa kwa Aseljuk amene adali ataloŵa m'dzikomo. Sitikuŵayamikira amalinyerowo, pakuti kulanda nkulanda ndithu. Mu 2009 akuluakulu a boma la Turkey adalankhula zopempha kuti mafupawo abwezedwe, ndipo popeza mlandu suola, nkhani imeneyo ingathe kukambidwa mwaulemu. Koma ngakhale mafupa onse atabwerera ku Demre maŵa lino, Nicholas sangasanduke Mturuki. Kusunga manda sikusintha mtundu wa munthu wogona m'mandamo.

Amene amati malo obadwira ndiwo amagamula, tiyeni tiyese lamulo laolo tione ngati lingaime. John Chrysostom, mlaliki wotchuka uja, adabadwira ku Antioch cha m'ma 347 ndipo adamwalira mu 407. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Antioch adali m'dziko la Syria pansi pa ulamuliro wa France. Mu 1939 chigawo chimenecho chidaphatikizidwa ku Turkey, ndipo mzindawo lero ndi Antakya. Kodi tinene kuti mu 1930 John adali nzika ya Syria, kenaka mu 1939 nkudzuka ali Mturuki, patapita zaka zoposa 1,500 chimwalirire? Onaninso Ephrem Woyera, mlembi wa nyimbo zachipembedzo m'Chisiriya, amene adabadwira ku Nisibis cha m'ma 306. Mzinda umenewo lero ndi Nusaybin, ndipo uli pamalire penipeni: kutsidya kwa waya kuli Qamishli, mzinda wa ku Syria. Olemba malire akadangokhotetsa cholembera pang'ono, bwenzi Ephrem akutchedwa dzina lina. Lamulo limene limasintha mtundu wa akufa nthaŵi iliyonse pamene andale asuntha malire, silamulo konse.

Komanso eni lamuloli saligwira nthaŵi zonse. Pali mphunzitsi wamkulu wa Chisilamu, Jalal al-Din Rumi, amene Aturuki amamutcha Mevlana ndipo amamkonda kwambiri. Iyeyu adabadwa mu 1207 kutali kuvuma, ena amati ku Balkh m'dziko la Afghanistan, ena ku Vakhsh m'dziko la Tajikistan. Ndakatulo zake zikuluzikulu adazilemba m'Chiperisiya, ndipo adamwalira ku Konya mu 1273, kumene kuli manda ake mpaka lero. Tsono Nicholas akuti ndi Mturuki chifukwa adabadwira kumeneko, ngakhale mafupa ake ali kwina. Rumi akuti ndi Mturuki chifukwa mafupa ake ali kumeneko, ngakhale adabadwira kwina. Ameneŵa ndi machitidwe a wamalonda wonyenga, amene ali ndi mbale ina yogulira, ina yogulitsira. Ndipo dzina lenilenilo lakuti Rumi limatanthauza munthu wa ku Rum, ndiye kuti dziko la Aroma, pakuti ndimo mmene Asilamu a nthaŵi imeneyo ankatchulira Anatolia. Za Abrahamu sititaya nthaŵi. Anthu a ku Şanlıurfa ali ndi mwambo wonena kuti adabadwira kwao, pamene akatswiri ambiri amaloza ku Ur, kumwera kwa Iraq. Harran, kumene adakhalako, alidi m'dziko la Turkey. Koma kulikonse kumene adabadwira, adakhala ndi moyo kale kwambiri dzina lakuti Turk lisanamveke m'mbiri.

Pali mfundo ina yolimba kuposa imeneyi, ndipo tiyenera kuimvera bwino. Ena amati: siyani za malo, tiyeni tikambe za magazi. Akatswiri ofufuza za chibadwa cha anthu apeza kuti makolo ambiri a Aturuki a lero adali anthu akale a mu Anatolia momwemo. Obwera kuchokera kuvuma adali ochepa poyerekeza ndi eni nthaka. Adakwatirana nao, ndipo m'kupita kwa zaka anthu ambiri adasintha chilankhulo ndi chipembedzo. Motero mlimi wa ku Cappadocia lero atha kukhala mdzukulu wa munthu amene ankamva Basil akulalika. Izi tikuvomera ndi manja aŵiri, pakuti chibale nfupa, sichiola. Koma taonani kumene chibalecho chikuloza. Mfunda umatsika kuchokera kwa agogo kupita kwa mdzukulu, sukwera ai. Mdzukulu akasamukira kwina, natenga dzina latsopano ndi chilankhulo chatsopano, agogo ake kumanda sasintha dzina. Mau oona ndi akuti Aturuki ambiri ndi zidzukulu za anthu amene Basil ankaŵalalikira. Mau abodza ndi akuti Basil adali Mturuki. Oyambawo amamkakamiza munthu kukumbukira makolo ake monga adaliri, pamene achiŵiriwo amampatsa danga loŵaiŵala. Njira yachiŵiriyi idayesedwa kale. M'zaka za m'ma 1930 m'masukulu a ku Turkey ankaphunzitsa kuti mitundu yakale ya mu Anatolia, monga Ahiti, idachokera ku mtundu wa Aturuki, koma akatswiri a mbiri sadaivomere nzeru imeneyo.

Enanso amati liu lakuti Mturuki silinena za mtundu, limanena za unzika. Nzoona kuti malamulo aakulu a dziko la Turkey, a mu 1982, amatcha Mturuki munthu aliyense amene ali nzika ya dzikolo. Pa muyeso umenewu Patriarch Bartholomew, mtsogoleri wa Akhristu a Orthodox ku Istanbul kuyambira 1991, ndi Mturuki ndithu, ngakhale chilankhulo cha makolo ake ndi Chigiriki. Adabadwira pa chilumba cha Imbros mu 1940, ndi nzika ya Turkey, ndipo adagwirapo ntchito m'gulu la nkhondo la dzikolo. Apa palibe chotsutsa. Koma unzika uli ndi tsiku loyambira. Munthu sangakhale nzika ya boma limene lidabadwa mu 1923 iye atafa kale m'zaka za m'ma 300. Choncho kaya titenge tanthauzo la mtundu, kaya la unzika, Paulo ndi Nicholas sakwanamo.

Tisaganize kuti pokana izi tikuti Aturuki alibe anthu aoao otchuka pa za chipembedzo. Ali nao, ndipo safunika kubwereka. Yunus Emre, amene adakhala ndi moyo cha m'ma 1240 mpaka cha m'ma 1320, adalemba ndakatulo zotamanda Mulungu m'Chituruki chimene anthu wamba ankalankhula, ndipo mpaka lero zimaimbidwa. Ngakhale pakati pa Akhristu adalipo a mtundu umenewo. Yahballaha III, amene adatsogolera mpingo wotchedwa wa Kuvuma kuyambira 1281 mpaka 1317, adachokera ku fuko lolankhula chimodzi mwa zilankhulo za Aturuki, ndipo adabadwira kumpoto kwa China. Mphunzitsi wake, Rabban Bar Sauma, adayenda mpaka ku Roma nakaonana ndi Papa Nicholas IV mu 1288. Amene akufuna Mkhristu wotchuka wa mtundu wa Aturuki ayambe ndi Yahballaha, ndipo adzaona kuti malo obadwira sanena kanthu: wobadwira ku China ndiye akuyenera dzinalo, wobadwira ku Tarsus ai.

Mwina wina afunsa kuti: nanga bwanji kukangana chotere chifukwa cha liu limodzi? Yankho lili m'zimene zidachitika zaka zoposa 100 zapitazo. Nkhondo ya mu 1914 isanayambe, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse m'dziko limenelo adali Mkhristu: Agiriki, Aarmenia, Asiriya ndi ena. Lero safika ngakhale mmodzi mwa 100. Kuyambira 1915 Aarmenia adathamangitsidwa m'midzi mwao ndi kuphedwa, ndipo olemba mbiri amati amene adafa adali pakati pa 600,000 ndi 1,500,000. Akhristu olankhula Chisiriya adaona zoŵaŵa zomwezo. Papa Francis mu 2015 adazitcha zimenezi kupulula mtundu, liu limene boma la Turkey limalikana. Mu 1923 maboma a Greece ndi Turkey adapangana ku Lausanne zosinthana anthu. Akhristu a Orthodox pafupifupi 1,200,000, kuphatikizapo amene adali atathaŵa kale, adataya kwao mu Anatolia, ndipo Asilamu pafupifupi 400,000 adachotsedwa ku Greece, nawonso akulira. Mu 1955 nyumba, masitolo ndi matchalitchi a Agiriki adaonongedwa ku Istanbul. Seminale ya ku Halki, kumene ansembe a Orthodox ankaphunzirira, idatsekedwa mu 1971. Agiriki a ku Demre, amene ankasunga chikumbutso cha Nicholas, adachoka pa kusinthana kuja kwa mu 1923.

Pakati pa ochotsedwawo padali anthu otchedwa Akaramanli, ndipo nkhani yao ndiyo ikuulula chinyengo chonse. Ameneŵa adali Akhristu a Orthodox a m'zigawo za pakati pa Anatolia. Chilankhulo chao chidali Chituruki, chimene ankachilemba ndi zilembo za Chigiriki, ndipo ambiri mwa iwo Chigiriki sankachilankhula. Koma popeza muyeso wa pangano lija udali chipembedzo, adaŵaŵerengera ngati Agiriki, naŵatumiza ku dziko limene sadalionepo. Taganizani, abale. Akhristu amoyo amene ankalankhula Chituruki adauzidwa kuti Saturuki, achoke. Akhristu akufa amene Chituruki sadachimvepo akuuzidwa kuti ndi Aturuki, akhale. Kusiyana kwake nkwakuti akufa sapempha tchalitchi, safuna sukulu, ndipo amakopa alendo obwera ndi ndalama. Ku Demre komweko, mu 2005, chifanizo chamkuŵa cha Nicholas atavala ngati episkopi, mphatso yochokera ku Russia, chidachotsedwa pabwalo la mzinda, ndipo m'malo mwake adaikapo Santa Claus wa zovala zofiira. Mwana akamva kuti Nicholas adali Mturuki, sangafunsenso kuti: nanga anthu amene ankapemphera m'tchalitchi lakeli adapita kuti? Funso limeneli ndilo tikuliteteza.

Komabe chala chimene tikulozera ena chisatiiŵalitse olakwa ena. Azungu ndiwo adayamba kumvula Nicholas mbiri yake. Sinterklaas wa ku Netherlands ataoloka nyanja kupita ku America adasanduka nkhalamba yonenepa ya m'dziko la chisanu, kufikira kuti ana ambiri lero sadziŵa kuti adali episkopi wa m'mbali mwa nyanja yofunda ya Mediterranean. Amene amati Nicholas adali Mturuki nthaŵi zina amangofuna kukumbutsa kuti Chikhristu sichidayambire ku Ulaya, ndipo pamenepo cholinga chao nchabwino, ngakhale liu lao nlolakwa. Tisathamangirenso kumlembera ku dziko la Greece, limene lidalandira ufulu wake mu 1830. Akhristu olankhula Chigiriki a mu Anatolia kwa zaka mazana ambiri ankadzitcha Aroma, ndipo mpaka lero Aturuki amaŵatcha Rum. Nafenso Aafrika tichenjere. Timanyadira Augustine Woyera, amene adabadwa mu 354 ku Thagaste, kumene lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria. Kumutcha Mwafrika nkoyenera, pakuti dzina lakuti Africa lidalipo kale pa nthaŵi yake, ndipo mwiniwake ankadziŵerengera pakati pa Aafrika. Koma kumutcha nzika ya Algeria kungakhale kulakwa komwe kuja. Muyeso ukhale umodzi kwa onse: munthu atchulidwe ndi dzina limene iye akadavomera atamuitana nalo.

Tsono Aturuki a lero gawo lao nlotani pa anthu ameneŵa? Nlalikulu ndithu, ndipo palibe angaŵalande. Iwo ndiwo ali ndi nthaka imene oyeraŵa adapondapo. Ndiwo amasamala mabwinja a ku Ephesus, ku Myra ndi ku Patara. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu amene adaona zonsezi zikuchitika. Akanena kuti Paulo ndi mwana wa nthaka yao, akunena zoona. Akanena kuti ndi osunga choloŵa chimenechi, akunenanso zoona, ndipo ulemu umenewo ngwaukulu. Koma wosunga choloŵa amakhalanso ndi udindo: kutchula maina a amene adachisiya, ndi kuŵapatsa mpata otsala ao kuti apemphere, aphunzitse ana ao, ndi kuphunzitsa atsogoleri ao mwamtendere. Aliponso Aturuki, olemba mabuku ndi aphunzitsi a mbiri, amene akhala akunena zomwezi m'dziko mwao molimba mtima, ndipo ameneŵa ndiwo akulemekezadi dziko lao.

Kwa ife amene timalemba, kuphunzitsa ndi kulalika, ntchito yake njapafupi. Tizinena kuti Paulo adali Myuda wa ku Tarsus, mzinda umene lero uli m'dziko la Turkey. Tizinena kuti Nicholas adali episkopi wolankhula Chigiriki wa ku Myra, kumene lero ndi Demre m'dziko la Turkey. Mau ameneŵa ngotalikirapo pang'ono, koma salanda munthu aliyense kanthu: Myuda akhalabe Myuda, Mgiriki, Mwarmenia ndi Msiriya akumbukika, ndipo Mturuki atchulidwa pa malo ake oyenera. Akufa sangathe kudzuka kuti adziyankhire okha. Nchifukwa chake amoyofe tiyenera kuŵatchula maina ao enieni.